Trimaran yakale: musanafunse za liwiro, kaiyikeni kaye pa sikelo

Malonda a maboti a matanga ogwiritsidwa kale ntchito ali ndi kayankhulidwe kake, koma akafika pa trimaran nde amanyanya. Pafupifupi wogulitsa aliyense amathamangira kukuuzani nambala imodzi, yoti boti langali linathamangapo ma knot 18, wina 20, chithunzi cha GPS nachi onani nokha. Sikuti akunama ayi, nthawi zambiri zinachitikadi. Kungoti zinachitika kwa masekondi asanu, boti likutsetsereka pa funde, mphepo ili kumbuyo, m'botimo muli anthu awiri ndi botolo la madzi basi. Inuyo mukufuna boti loyenda nalo maulendo, logonamo, lonyamula mbaula, zakudya, ana ndi nangula wolemera, nde nambala imeneyo ikukukhudzani pang'ono zedi. Yomwe ikukukhudzani ndi ija salemba molondola, makilo a botilo lero lino, osati a tsiku lija linkatuluka mu fakitale.

Kwa amene simunaionepo, trimaran ndi boti la matupi atatu. Pakati pali thupi lalikulu momwe mumakhala anthu, injini ndi katundu, kenako uku ndi uku kuli timabwato tiwiri towonda tomwe eni ntchitoyi amati ma ama, ndipo zonsezi zimagwiridwa ndi mitanda iwiri yopingasa. Pakati pa thupi lalikulu ndi ma ama amamangapo maukonde oti munthu nkuyendapo kapena kugonapo kumene. Nzeruyi si ya dzulo, anthu a ku zilumba za Indonesia ndi Philippines akhala akuyenda choncho kuyambira makedzana, ndipo amene munafikako ku Zanzibar kapena ku Bagamoyo munaziona ngalawa za asodzi zija, mtengo wa mango wosemedwa pakati, matabwa awiri m'mbali. Boti wamba la thupi limodzi, monohull, limaima chilili chifukwa cha keel, chitsulo kapena mtovu wolemera womwe umalendewera pansi pake, ndipo pa maboti ambiri keel yokhayo imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera konse, pena kuposa. Trimaran ilibe mtolo umenewo, imaima chifukwa chotambalala. Kukoma kwake konse kukuchokera pamenepo, mavuto ake nawonso pomwepo.

Boti lililonse likamayenda limapanga funde kutsogolo ndi lina kumbuyo, likamawonjezera liwiro mafunde awiriwa amatalikirana mpaka botilo limapezeka lakhala m'chigwa pakati pawo, kuti lipitirire pamenepo liyenera kukwera funde lomwe ladzipangira lokha. Pali kasamu kake kodziwika, mumatenga kutalika kwa boti pomwe palekezera madzi, mu ma feet, nkupeza square root yake nkuchulukitsa ndi 1.34. Boti lomwe pamadzi ndi ma feet 30 limapereka ma knot 7.3, omwe ndi makilomita 13 ndi theka pa ola poti knot imodzi ndi makilomita 1.852. Monohull yolemera imathera cha pamenepo olo muikweze matanga ochuluka bwanji. Koma thupi lowonda, lomwe m'litali mwake mumaposa m'lifupi kasanu ndi katatu kapena kakhumi, funde lake ndi laling'ono nde limangolidula nkudutsa. Anthu ambiri anazikhulupirira zimenezi mu 1978 pa mpikisano woyamba wa Route du Rhum, wochoka ku Saint-Malo ku France kukafika ku Pointe-à-Pitre ku Guadeloupe, pomwe Mike Birch wa ku Canada pa ka trimaran kachikasu kotchedwa Olympus Photo, kosafika bwino mamita 12, anapitirira chimonohull cha mamita 21 cha Michel Malinovsky pafupi ndi pomalizira penipeni nkupambana ndi masekondi 98 okha, atayenda masiku 23.

Vuto ndi loti thupi lowonda choncho kuti liyandame pamwamba liyenera kukhala lopepuka. Mukalilemetsa limatitimira, mbali yotambalala ya m'mwamba ija imayamba kukhudza madzi, kumbuyo kumayamba kukoka thovu, ma ama onse awiri amakhala m'madzi nthawi imodzi m'malo moti imodzi izingokhudza pang'ono kapena kukhala m'malere, basi matsenga onse athera pompo. Zili ngati kabaza ndi lole, thumba limodzi la chimanga pa lole ya matani khumi dalaivala sadziwa nkomwe kuti lakwera, koma pa njinga wopalasa amalimva m'mawondo.

Mutha kuziwerengera nokha pa foni. Anthu a maboti a matupi awiri kapena atatu amakonda nambala yotchedwa Bruce number, dzina la Edmond Bruce wa ku America, ndipo imapezeka potenga square root ya kukula kwa matanga mu ma square feet nkugawa ndi cube root ya kulemera kwa boti mu mapaundi. Tingoyerekeza trimaran yaing'ono ya matanga a ma square feet 450 yolemera mapaundi 2,600, nambala yake ikutuluka 1.54, boti lachangu ndithu. Tsopano kwezanimo anthu anayi, madzi akumwa, petulo, nangula ndi tcheni chake, zakudya za sabata, tinene mapaundi 1,300 omwe ndi pafupifupi makilo 600, nambala ija yatsika kufika 1.35. Katundu yemweyo mukamuika mu monohull ya mapaundi 16,000 nambala yake imatsika ndi zosakwana 3 pelesenti, pomwe ya trimaran ija yagwa ndi zoposa 12 pelesenti. Nambala zina monga SA/D (matanga poyerekeza ndi kulemera) ndi D/L (kulemera poyerekeza ndi kutalika) zomwe mumaziona pa masamba a malonda zimanena nkhani yomweyi mwa njira zina, ndipo zonse zili ndi matenda amodzi, mukaikamo kulemera kolakwika zimatulutsa yankho lokongola labodza.

Ndipo kulemera kolembedwa pa kabuku ka fakitale kawirikawiri ndi kwa boti lopanda kanthu, matanki ali gwaa, pena ngakhale nangula mulibe. Kenako padutsa zaka 20, eni ake atatu, aliyense wawonjezerapo kake. Uyu mabatire anayi, uyu fuliji ndi masola, uyu makina okokera nangula, uyu kaboti kopitira kumtunda ndi injini yake, penti pamwamba pa penti chaka ndi chaka osapala yakale. Chilichonse pachokha chikuoneka chanzeru. Nde pali kulemera kwina komwe palibe anakugula, madzi omwe alowa mkati mwa zipupa, lita imodzi kilo imodzi. Nchifukwa chake ine ndimati boti limeneli liyezedwe basi, palibe zokambirana. Ngati ndi la pa tirela pitani nalo pa weighbridge, kenako mukayezenso tirela yokha nkuchotsera. Ngati ndi lalikulu, kireni yolikweza kumtunda nthawi zambiri imakhala ndi geji yoonetsa kulemera, pemphani muone ndi maso anu. Zikakanika zonsezi yang'anani mzere wa penti wa m'munsi, ngati unakwezedwapo m'mwamba kusiyana ndi pomwe fakitale inaika, kapena ndere zamera pamwamba pa mzerewo, kapena kumbuyo kwa thupi lapakati kwamira m'madzi boti lili chiimire, mwayankhidwa kale.

Ma trimaran omwe mungawapeze pa msika ali m'magulu angapo ndipo mbiri yawo ndi yofunika kuidziwa chifukwa imafotokoza mitengo. Otchipitsitsa ndi a pulayiwudi omangidwa pakhomo. Amene anayambitsa chipwirikiti chimenechi ndi Arthur Piver wa ku California, yemwe ankagulitsa mapulani oti munthu wamba amange yekha kuseri kwa nyumba, ndipo mu 1960 anawoloka Atlantic pa trimaran yake ya ma feet 30 yotchedwa Nimble kuti anthu akhulupirire. Anthu anamangadi, ena mwaluso, ambiri mwa chisawawa, wina kuwonjezera chipinda, wina kusintha matabwa kuti asunge ndalama. Piver mwini wake anasowa panyanja kufupi ndi California mu 1968. Chaka chomwecho unayamba mpikisano wa Sunday Times Golden Globe wozungulira dziko uli wekha osaima paliponse, ndipo ma trimaran awiri omwe analowa anali ochokera pa pulani ya Piver. La Nigel Tetley, lotchedwa Victress, linali litangotsala mamailosi opitirira pang'ono 1,000 kuti limalize pomwe linasweka nkumira mu May 1969, Tetley akulithamangitsa mopyola muyeso poganiza kuti Donald Crowhurst wa trimaran inayo ali m'mbuyo mwake pafupi, chonsecho Crowhurst ankangotumiza malipoti abodza ali mu Atlantic momwemo, ndipo boti lake Teignmouth Electron linapezeka likuyandama lopanda munthu mu July chaka chomwecho. Mbiri yoipa ya trimaran inamera nthawi imeneyo ndipo mpaka lero ena a inshuwalansi akangomva trimaran ya pulayiwudi amakwinya nkhope.

Komabe pulayiwudi payokha si mlandu. Ma Searunner a Jim Brown, omwe anabwera pambuyo pa a Piver, ambiri awoloka nyanja zikuluzikulu bwinobwino ndipo akuyendabe. Funso lalikulu ndi lakuti matabwawo anamatidwa ndi chani. Akale ambiri anakutidwa ndi fayiba ya polyester, yomwe siigwira bwino pa thabwa, pakapita zaka imasupuka, madzi nkulowa kuseri nkukhala momwemo. Epoxy, guluu wogwira bwino pa thabwa, ndi nkhani ina. Abale a Gougeon a ku Bay City ku Michigan, omwe anayambitsa epoxy ya WEST System, anamanga trimaran ya matabwa ndi epoxy yotchedwa Adagio mu 1970 ndipo yakhala ikupikisana pa Great Lakes kwa zaka makumimakumi. Nde mukapeza la pulayiwudi funsani kuti anamanga ndani, ndi guluu wanji, zithunzi za pomanga zilipo? Kenako tengani sikuludiraiva ndi tochi mulowe m'makona onse, makamaka kutsogolo ndi kumbuyo kwa ma ama komwe mpweya sufika. Chodabwitsa nchakuti omwe amaoletsa thabwa kwambiri ndi madzi a mvula odontha kuchokera pamwamba, osati a mchere a pansi, nde yambani ndi pa mawindo, pa zitseko za pamwamba ndi paliponse pomwe bawuti yaboola.

Gulu lachiwiri, lomwe ndimaona kuti ndi lanzeru kwa munthu woyamba, ndi la ma trimaran opindika a mu fakitale. Ian Farrier wa ku New Zealand anapeza njira yoti ma ama azipindikira pansi nkukumbatira thupi lapakati, munthu mmodzi nkupinda boti lili pamadzi pomwepo atangomasula mabawuti ochepa. F-27 yake inayamba kutuluka cha pakati pa zaka za m'ma 1980 ku Corsair Marine ku Chula Vista, California, ndi ndalama za John Walton, mwana wa yemwe anayambitsa masitolo a Walmart, ndipo anapanga pafupifupi 450. Itatambasulidwa ndi mamita 5.8 m'lifupi, itapindidwa mamita 2.5, kutanthauza kuti ikwera tirela nkuyenda pa msewu ngati katundu wina aliyense. Corsair inadzasamukira ku Vietnam ndipo mu 2010 inagulidwa ndi Seawind ya ku Australia. Ku Denmark kuli Dragonfly, ya banja la Quorning ku Skærbæk, ndipo njira yawo yotchedwa Swing Wing ndi yosiyana, ma ama amatsetserekera kumbuyo ali chiimire. Kusiyana kumeneku kuli ndi ntchito pogula. Ya Farrier ikakhala pa doko itapindidwa mbali ya ama imamira m'madzi nde nkhono ndi ndere zimamera pomwe palibe penti yoteteza, pomwe Dragonfly ikapindidwa imatalikirapo kumbuyo ndipo pa doko amalipiritsa mita iliyonse. Aliponso akuluakulu ngati Neel a ku La Rochelle, omwe nyumba yonse ili pamwamba ngati catamaran, boti la matupi awiri, amenewo ndi ndalama zina ndi anthu ena.

Tsopano poti mwalipeza lomwe lakusangalatsani, pomwe mukathere nthawi yambiri ndi pa mitanda. Monohull mphepo ikaomba mwamphamvu imapendekeka, mphamvu ina nkuthawira pamwamba pa thanga. Trimaran siipendekeka kwenikweni, madigiri 10 kapena 15 basi, nde mphamvu yonse ija imadutsa mu mlongoti, mu mawaya, nkukathera mu mitanda ndi molumikizira mwake. Kuwonjezera apo funde limanyamula ama iyi kutsogolo, ina kumbuyo, boti lonse likupotokola kambirimbiri pa ola. Yang'anani ming'alu pomwe mtanda ukulowa mu thupi lapakati ndi pomwe ukugwira ama. Timing'alu tating'ono ta mu penti ya pamwamba timapezeka pa boti lililonse lakale, koma mng'alu wotsatira m'mphepete mwa cholumikizira, wokhala ndi kadothi kofiirira ka dzimbiri kapena womwe wapakidwa penti yatsopano pamalo pokhapo, umenewo ndi wofunsa mafunso. Boti lili pamadzi muuzeni mnzanu adumphedumphe kutsogolo kwa ama inu mutagwira dzanja pa cholumikiziracho mkati, ngati mukumva kusuntha kapena kulira kwa kwii kwii, lembani. Pa opindika onani mapini, mahinji ndi mabawuti ngati akugwedera, aluminiyamu yokhudzana ndi chitsulo cha stainless ngati yatuluka ufa woyera, ndipo pa Dragonfly funsani tsiku lomwe anasintha ma waterstay, mawaya a pansi pa mitanda omwe amanyamula katundu yense uja. Mwini wake akayamba kukanda mutu, ikani mtengo wa atsopano mu bajeti.

Kenako zipupa ndi pamwamba poyenda. Kuti boti lipepuke amalimanga ngati sangweji, fayiba yopyapyala kunja, ina mkati, pakati thovu louma kapena thabwa lopepuka la balsa. Zikakhala zomatana ndi zolimba modabwitsa. Madzi akalowa pa bowo la bawuti lomwe silinamatidwe bwino, balsa imamwa nkuola, thovu louma lija nalo limatha kulekana ndi fayiba, nde pamatsala zikopa ziwiri zopyapyala zopanda chogwirizira. Saveya, katswiri woyeza maboti, amayenda ndi kahamala kapulasitiki akugogoda paliponse, pabwino pamalira kuti ngwe ngwe, poola pamangoti phu phu, ndipo amatsimikiza ndi kamakina koyeza chinyezi. Inunso vulani nsapato muyende pamwamba ponse, pofewa phazi limadziwa. Tsegulani ma ama onse, kamadzi kochepa ndi ka thukuta la mkati, koma ndowa zingapo ayi, ndipo lawani, a mchere alowera pansi kapena polumikizira, opanda mchere alowera pamwamba. Saveyayo akhale wodziwa maboti a matupi angapo ndipo mumulipire inuyo, osati wobwera ndi dobadoba wa wogulitsa.

Daggerboard, thabwa lalitali lomwe limatsitsidwa pansi kuti boti lisamatsetserekere cham'mbali, ili ndi nkhani yake. Trimaran imayenda m'madzi osaya nde eni ake amazolowera kuyandikira gombe, tsiku lina amaiwala kukweza thabwalo nkugunda mwala pa ma knot 10. Thabwa limasinthidwa mosavuta, koma bokosi lomwe limatsetserekamo limang'ambika kumbuyo kwake, pansi pa madzi, malo ovuta kufikako. Unikani ndi tochi. Chiwongolero chigwedezeni muone ngati chili ndi mpata. Maukonde dzuwa limawadya, makamaka ulusi wosokera, pondanipo mwamphamvu muli pa doko osati pakati pa nyanja. Mawaya ogwira mlongoti makampani ambiri a inshuwalansi amafuna asinthidwe akakwana zaka khumi olo akuoneka owala. Injini sindichedwapo, ambiri ang'onoang'ono ndi ya outboard yomwe makaniko aliyense wa kunyanja amaidziwa.

Matanga ndiwo anthu amawapeputsa. Thanga likhoza kukhala loyera losang'ambika paliponse koma litatha ntchito kalekale, chifukwa chomwe chimakoka boti ndi kaumbidwe kake, mimba ya thanga ikafutukira kumbuyo boti limangopendekeka ndi kutsetsereka cham'mbali osapita kutsogolo. Pa trimaran zimaoneka msanga chifukwa boti lachangu limadzipangira mphepo yakeyake. Mukamathamanga, mphepo yomwe mukuimva pankhope imasunthira kutsogolo, nde olo mphepo yeniyeni ikuchokera cham'mbali matanga amakhala okokedwa kwambiri ngati mukulimbana nayo. Pamafunika matanga osalala, olimba, osatamuka, ndipo amenewo ndi okwera mtengo, seti yatsopano imatha kudya gawo lalikulu ndithu la mtengo womwe mwagulira boti lakale.

Tsiku loyesa boti pamadzi, wogulitsa adzafuna tsiku la mphepo yabwino ndipo adzalunjika cham'mbali mwa mphepo komwe boti lililonse limaoneka ngwazi. Mulekeni asangalale kaye, kenako pemphani zinthu ziwiri. Choyamba, kukwera mphepo, kupita komwe ikuchokera. Palibe boti la matanga lomwe limalunjika mphepo maso ndi maso, limayenda mokhotakhota, nde chomwe chimawerengedwa ndi VMG, liwiro lomwe mukuyandikira nalo komwe mukufuna. Boti loyenda ma knot 6 pa madigiri 45 kuchoka komwe mphepo ikuchokera likuyandikira ndi ma knot 4.2. Lina lothamanga ma knot 8 pa madigiri 55 likuyandikira ndi 4.6, laposa. Koma lomwelo likangotsegukira pa madigiri 60 latsika kufika 4.0, lagonja kwa loyenda pang'onopang'ono lija ngakhale madzi akuthovoka kumbuyo ndipo aliyense m'botimo akukuwa ndi chimwemwe. Nde yatsani GPS ijambule njira, khotani kangapo, muone ngodya yomwe mizere ikupanga, yoyandikira madigiri 90 mpaka 100 ndi yabwino, ikafika 120 pali chomwe chalakwika, kaya matanga, kaya daggerboard, kaya kulemera kuja. Onaninso ngati likukhota mosavuta kapena likuima pakati mphuno ili mu mphepo nkuyamba kubwerera m'mbuyo.

Chachiwiri, ngati nkotheka liyeseni pa mphepo yofatsa, ya ma knot 6 kapena 8. Apa mpomwe boti lonenepa limaululika. Trimaran yopepuka ya matanga abwino imayandikira liwiro la mphepo yomweyo, pomwe yolemera imangoti phwii pamadzi mwini wake nkuyamba kusisita kiyi wa injini. Pa ulendo weniweni masiku a mphepo yochepa ndi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira, ndipo boti lomwe limayendabe pa masiku amenewo ndi lomwe limafika msanga. Kumbukiraninso kuti GPS imayeza liwiro poyerekeza ndi nthaka, nde kumalo ngati Solent ku England kapena Brittany komwe madzi amayenda mwamphamvu nyanja ikamadzaza ndi kuphwa, pitani mbali iyi nkubwereranso mbali inayo nkutenga pakati pake.

Nambala yoona mtima kwambiri ndi mamailosi a pa maola 24. Kuti muyende mamailosi a panyanja 150 pa tsiku mukufunika ma knot 6.25 osalekeza usana ndi usiku, kuti mukwane 200 mukufunika 8.3, ndipo amene anayendapo maulendo ataliatali akuuzani kuti 200 pa boti la banja ndi tsiku lokumbukika. Francis Joyon ndi anzake asanu anazungulira dziko lonse pa trimaran IDEC Sport mu masiku 40 ndi maola 23 mu 2017, koma limenelo ndi boti la mamita oposa 30 la akatswiri ogona mosinthana atavala zovala zonyowa, musalifanizire ndi lanu. Pemphani logbook ya mwini boti muone maulendo ake enieni. Njira ina ndi ma handicap a mipikisano, nambala zofananizira liwiro la maboti osiyana, ku America kuli PHRF yomwe imapereka masekondi pa mailosi, nambala yochepa ndiye boti lachangu, nde maboti awiri akasiyana ndi 30 ndiye kuti lina limatsogola ndi theka la mphindi pa mailosi iliyonse. Ku Britain a maboti a matupi angapo ali ndi MOCRA, ku Netherlands Texel. Nambala zimenezi zinachokera pa maboti ambiri opikisana zaka zambiri nde ndi zodalirika kuposa pakamwa pa munthu mmodzi, kungoti zimanena za boti lopepuka lokonzekera mpikisano.

Za kutembenuka sitingazilambalale. Monohull ikagwetsedwa ndi funde keel ija imaidzutsa, koma ikabooka imamira chifukwa cha keel yomweyo. Trimaran yambiri siimira poti ilibe mtovu ndipo zipupa zake zimayandama, koma ikatembenuka yatembenuka, siidzuka yokha. Mu June 1989 trimaran yotchedwa Rose-Noëlle inatembenuzidwa ndi funde kum'mawa kwa New Zealand, amuna anayi omwe analimo anakhala mkati mwa boti lozondokalo masiku 119, akumwa madzi a mvula ndi kuwedza nsomba, mpaka linakatsakamira pa chilumba cha Great Barrier onse ali moyo. Nkhani imeneyi mbali zonse ziwiri zimaigwiritsa ntchito, odana ndi trimaran amati mwaona, okonda amatinso mwaona. Kwa wogula phunziro lake ndi la zinthu zogwirika, boti lopita kutali likhale ndi kachitseko kothawira komwe kamakhala pamwamba pa madzi boti litazondoka, ndipo katseguke, osati komatidwa ndi penti. Funsaninso kukula kwa ma ama, amayeza kulemera komwe ama imodzi inganyamule isanamire poyerekeza ndi kulemera kwa boti lonse, akale ambiri anali ndi ma ama aang'ono omwe amamira msanga, atsopano amafika 150 kapena 200 pelesenti. Apanso kulemera kwabwereranso, mukalemetsa boti pelesenti ija imatsika.

Ndipo poti boti silipendekeka silikuchenjezani. Pa monohull mbale zikayamba kugwa mumadziwa kuti yakwana nthawi yochepetsa thanga, pa trimaran tiyi ali phee mu kapu pomwe ama ya kunsi kwa mphepo yayamba kulowa mphuno m'madzi. Eni ake amachepetsa thanga potsatira nambala ya mphepo pa geji, ndipo chingwe cha thanga lalikulu chimakhala m'manja kapena pomwe chingamasulidwe kamodzi nkamodzi. Amene mumaidziwa nyanja yathu nthawi ya mwera, momwe mafunde ake amakhalira afupiafupi ndi oimirira, mukumvetsa chifukwa chake ndikuti onani kuti zingwe zochepetsera thanga zikugwira ntchito mwachangu munthu ali pa chiwongolero pomwepo. Liyeseni limenelo pa tsiku loyesa boti, musangouzidwa.

Zotsalazo ndi za m'thumba. Trimaran yosapindika pa madoko ambiri imalipira malo kamodzi ndi theka kapena kawiri, ndipo si doko lililonse lomwe lili ndi makina otambalala mokwanira kuikweza kumtunda, fufuzani musanagule osati mutagula. Inshuwalansi ifunseniretu ndi dzina la pulani, chaka ndi womanga, yomangidwa pakhomo ena amakaniratu. Mapepala onani kuti wogulitsayo ndi mwini wakedi ndipo botilo lilibe ngongole ku banki, nambala ya thupi la boti igwirizane ndi ya pa pepala. Ku Europe funsani umboni woti VAT inalipiridwa komanso chizindikiro cha CE chomwe chakhala chokakamiza kuyambira 1998, chili ndi magulu A, B, C ndi D, A ndi ya nyanja yaikulu ya mafunde opitirira mamita 4, C ndi ya m'mbali mwa gombe ya mafunde osapitirira mamita 2, ndipo boti lomwelo limatha kukhala B ndi anthu ochepa koma C ndi anthu ambiri.

Mwa chizolowezi mumapereka dipoziti ya 10 pelesenti, koma pa pepala palembedwe kuti malonda atsimikizika pokhapokha saveya ndi kuyesa pamadzi zitakukhutiritsani, apo ayi ndalama ibwerere. Lipoti la saveya likabwera ligaweni pawiri. Matanga otha, maukonde, mawaya, injini yotopa, mabatire, zonsezi zili ndi mtengo wodziwika, funsani makoteshoni nkuchotsera pa mtengo wa boti. Katundu wowonjezera yemwe eni ake akale anaunjikamo naye amatsitsidwa ndi sipanala Loweruka limodzi, boti nkukweranso masentimita angapo. Koma chinyezi chomwe chafalikira m'zipupa za ma ama onse awiri, kapena mng'alu wa mu mtanda womwe wakonzedwapo kale nkubwereranso, mtengo wake umadziwika akatsegula, ndipo akatsegula boti limakhala lili kale lanu. Pamenepo tengani dipoziti yanu mukaone lina.